Indiketa ya njinga ibwere pambuyo, khosi litsogole

Mwana wa mlongo wanga, amene ndimakhala naye kuno ku Mtendere mu Lusaka, anabwera Loweruka lina madzulo ali ndi kabokosi m'manja, nkhope ili mwee. Anali atagula ku Kamwala kachipangizo kamene kayamba kuoneka pa njinga za anyamata masiku ano: indiketa. Ndi kanthu kotalika ngati foni, kamamangidwa pansi pa chishalo, ndipo kali ndi kabatani kake kopanda waya komangirira pachiwongolero. Ukadina kumanja, kumbuyo kumayaka muvi wachikasu wolozera kumanja. Ukadina kumanzere, chimodzimodzi.

"Malume," anatero, "tsopano aminibasi aziona kumene ndikupita."

Sindinafune kumugwetsa mphwayi. Ndalama anagulirayo anaikhetsera thukuta, ndipo cholinga chake chinali chabwino, akufuna azifika wamoyo. Amapalasa tsiku ndi tsiku kutsata msewu wa Alick Nkhata, kudutsa Kalingalinga, mpaka ku Longacres n'kulowa m'tauni, ndipo pobwerera dzuwa limakhala litalowa, makamaka miyezi yachisanu ya June ndi July pamene 6 koloko imakwana kukuda kale. Mayi ake anamusiya m'manja mwanga. Ndiye titadya nsima ndinati, tiye panja tikakayese kanthu kakoka.

Anaima ndi njinga pakati pa kamsewu kafumbi kakutsogolo kwathu, ine n'kumayenda chobwerera m'mbuyo ndikuwerenga mapazi. Tinapangana kuti azidina mbali imene wafuna osandiuza, ine ndizinena. Nditaponya mapazi 10 muvi unkaoneka bwinobwino. Pa mapazi 30 unasanduka kachigamba kachikasu, ngakhale nditayang'anitsitsa ndinkathabe kulota kumene ukulozera. Pa mapazi 60 kunangotsala kadontho kothwanima ngati chiphaniphani. Anadina kanayi, ine ndinaphonya kawiri.

Komatu ine ndinali chiimire, maso onse ali pa iye, popanda kondakitala wondikuwira m'khutu, popanda nyali za galimoto yochokera kutsogolo zondithobwa m'maso. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Mapazi anga 60 aja ndi mamita 45 kapena kucheperako, ndipo dalaivala amawamaliza masekondi atatu asanakwane. Pofika pamene muvi uja wayamba kuwerengeka, bampala imakhala yayandikira kale tayala.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi akuti indiketa ya njinga ili nayo ntchito yake, ndipo ndiifotokoza, koma pa zinthu zonse zimene wapanjinga wa mu Lusaka angagule kuti adziteteze, iyi ndiye yomalizira. Ilinso ndi chilema chimodzi chimene chimandiopsa kwambiri. Imamuchititsa munthu kukhulupirira kuti walankhula pamene palibe wamumva, ndipo munthu wokhulupirira kuti wamveka amasiya kucheuka.

Ambiri sitiganizira chimene chimachititsa kuti indiketa ya galimoto imveke. Kuthwanima kumangokoka diso, koma chimene chimanena nkhani ndi malo pamene nyaliyo yakhala. Galimoto ndi yotambalala kupitirira mita ndi theka, ndipo usiku nyali zake ziwiri zofiira zakumbuyo zimakujambulira kukula kwake. Ngodya imodzi ikayamba kuthwanima, diso limadziwa lokha, usanaganize n'komwe, kuti ndi ngodya yakumanja. Ngakhale pa njinga yamoto, opanga amaika maindiketa pa timitengo totulukira m'mbali kuti atalikirane. Njinga yakapalasa ilibe ngodya. Ukaiona kumbuyo ndi kamzere kamodzi koimirira, ndipo pa kachipangizo kaja mbali yakumanja ndi yakumanzere zatalikirana ngati chala chachikulu ndi chamkombaphala. Pomwe dzanja la munthu wamkulu likatambasuka limatuluka kunja kupitirira theka la mita, ndipo limasintha maonekedwe a munthu yense. Masana, dzuwa la October lili paliwombo, kanyali kaja kamazimirira m'kuwala, dzanja lili poyera.

Palinso vuto la chilankhulo. Pamisewu yathu indiketa ili ndi matanthauzo ambiri kuposa amene analembedwa m'buku. Aliyense amene anayendapo usiku pa Great East Road kupita ku Chipata amadziwa kuti thiraki ikayatsa yakumanja ikukuuza kuti usandipitirire, kutsogolo kukubwera ina, ndipo ikayatsa yakumanzere ndiye kuti dutsa. Ena amayatsa yakumanja pouza wobwera kutsogolo pamene pathera thupi la galimoto yawo. M'tauni muno alipo amene amayatsa mahazadi pamphambano kutanthauza kuti akungowongoka. Wa minibasi amayatsa yakumanzere ataima kale kuti atole munthu. Ndipo taonani chimene amachita akafunitsitsa kuti am'patse mpata wobwerera mumsewu: amatulutsa dzanja pawindo, kondakitala naye thupi lonse lili panja akukupiza mkono. Munthu wokhala ndi maindiketa akuluakulu m'ngodya zonse zinayi za galimoto yake, zikafika povuta, amadalira dzanja. Amadziwa chimene chimamveka pamsewu wa mu Lusaka.

Pakati pa zonsezi, kanyali kachikasu kothwanima pansi pa chishalo kakunena chiyani? Oyendetsa ambiri sanaonepo indiketa pa njinga ndipo saiyembekezera. Njinga zina zili kale ndi tinyali takumbuyo tongothwanima usiku wonse. Dalaivala akaona kuthwanimako amawerenga kuti apo pali njinga, basi. Umenewo ndi uthenga wabwino ndithu, koma si umene mwini njinga akuganiza kuti watumiza.

Kuno timayenda kumanzere, ndipo malo a wapanjinga ndi m'mphepete mwenimweni, pamene pathera phula n'kuyamba ngalande. Kukhotera kumanzere sikuvuta kwenikweni chifukwa uli kale mbali yomweyo. Kukhotera kumanja ndiye kumene kuli imfa. Uyenera kuchoka m'mphepete, kudula kutsogolo kwa magalimoto amene akukuthamangira kumbuyo, kuima pakati pa msewu magalimoto akukupitirira uku ndi uku, kenaka kudulanso amene akuchokera kutsogolo. Woyendetsa galimoto akayatsa indiketa amakhala ali kale mumzere, akuyenda liwiro limodzi ndi anzake, atatchingidwa ndi chitsulo. Iye amangodziwitsa. Wapanjinga sangangodziwitsa. Amapempha, ndipo wopempha amadikira yankho.

Ndinazionera pafupi zimenezi m'mawa wina pa Kalingalinga. Bambo wina wachikulire, dengu la tomato lili pa keliyala, anali patsogolo panga mamita ochepa. Anatambasula dzanja lamanja bwinobwino, monga mmene amaphunzitsira, ndipo nthawi yomweyo anakhota. Sanacheuke. Kumbuyo kwake kunali kagalimoto kamene kanali katayamba kale kumupitirira. Kanangogunda tayala lakutsogolo, osati mwamphamvu, koma zinakwanira. Tomato anamwazika msewu wonse, ena akuphwanyika pansi pa matayala a magalimoto amene sanaime n'komwe. Titawakokera kumbali bambowo atagwira phewa, mawu amene ankabwereza anali amodzi: "Ndinakweza dzanja, mwana wanga, ndinakweza dzanja." Ndipo sankanama. Anakweza, ine ndine mboni. Koma dzanja lija linatuluka mochedwa kwa dalaivala amene anali atafika kale pambali pawo, ndipo akanacheuka akanamuona.

Ngati dzanja lathunthu, masana, lingalephere chonchi chifukwa mwini wake sanacheuke, nanga kabatani?

Ine ndinakulira ku Chipata, kumene njinga ndi basi, ndi ngolo, ndi ambulansi. Njinga yoyamba imene ndinakwera inali Eagle ya bambo anga, ya zija zinkapangidwa pa fakitale ya Luangwa Industries m'tauni mwathu momwemo. Mawu amene anandiphunzitsa nawo kukhota ndimawakumbukirabe: cheuka, tambasula dzanja, cheukanso, ndiye ukhote. Dzanja lili pakati, kucheuka kuli uku ndi uku. Pamene ndinali mwana ndinkayesa kuti kucheuka n'kongofuna kuona ngati kukubwera galimoto. Nditakula ndinazindikira kuti kumachita ntchito ziwiri. Umaona, komanso umaonedwa. Dalaivala akaona mutu wa wapanjinga ukutembenuka amadziwa kuti munthuyu akufuna kuchita kanthu, ndipo phazi limayamba lachoka pa mafuta dzanja lisanatuluke. Maso akakumana, pamakhala pangano. Amakuphethirira nyali, kapena amakukodola ndi zala pamwamba pa chiwongolero kuti lowani, kapena amayang'ana kumbali, ndipo apo umadziwa kuti sakupatsa. Mayankho onsewa amabwera kwa munthu amene wacheuka yekha.

Kabatani kamakoka maso kupita pansi, pachiwongolero, nthawi yeniyeni imene amayenera kukhala kumbuyo. Kalinso ndi timavuto tina timene wogulitsa sanena. Indiketa ya galimoto imalira kuti tiki tiki, imaonekera kutsogolo kwa dalaivala, ndipo imadzizimitsa yokha chiwongolero chikabwerera. Ya njinga ili kumbuyo kwa mwini wake, kumene iye saona. Ikhoza kutsala ikuloza kumanja kuchokera ku Longacres mpaka ku Mtendere. Batire likhoza kutha iye akudinabe ndi mtima wonse. Tonse tikukumbuka mmene zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, pamene magetsi ankabwera maola owerengeka patsiku ndipo pa soketi imodzi pankakanganirana mafoni a nyumba yonse. Masiku ngati amenewo, pakati pa foni ndi indiketa, chimene chitchajidwe chikudziwika. Chinthu chimene chimagwira ntchito lero, mawa ayi, koma iwe n'kumachidalira masiku onse, chimaopsa kuposa kukhala wopanda.

Pali njira ina yokhotera kumanja imene siifuna indiketa ngakhale kulimba mtima. Ku Denmark, dziko limene likulu lake Copenhagen ladzaza ndi njinga, wapanjinga sadula pakati pa mphambano. Kumeneko amayenda kumanja, ndiye kukhota kovuta ndi kwa kumanzere, ndipo amakuchita pawiri: amawongoka kaye kutsata m'mphepete mpaka tsidya la mphambano, n'kuima, n'kutembenuza njinga, n'kudikira kuti mbali inayo itseguke. Ifenso pa maroboti tingachite chimodzimodzi, kungotembenuza mbali. Pa maraundabauti aakulu ngati a Kabwe ndi Kafue, kumapeto onse awiri a Cairo Road, ine ndimatsika n'kukankha njinga pamodzi ndi oyenda pansi, ndipo sindichita nazo manyazi. Zimandidyera mphindi ziwiri kapena zitatu. Anyamata amaona ngati kutsika panjinga n'kugonja, ndipo apa m'pamene indiketa imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa imamupatsa mnyamata chifukwa choloŵera pakati pa raundabauti ngati nayenso ndi galimoto.

Tisaiwalenso kuti zambiri zimene zimagwetsa wapanjinga mumzinda uno sizichitika iye akukhota. Amagundidwa kumbuyo mumdima ndi munthu amene sanamuone. Amatsegulidwira chitseko cha galimoto yoima. Minibasi imamupitirira n'kumudula kutsogolo chifukwa yaona munthu woimika. Ndipo choopsa kuposa zonse ndi thiraki yokhotera kumanzere. Mathiraki opita ku Copperbelt, ku Kasumbalesa ndi ku Nakonde amadzaza Kafue Road, Lumumba Road ndi Great North Road, ndipo wapanjinga akafika pamphambano amakonda kulowa kampata kamene kali pakati pa thiraki ndi m'mphepete mwa msewu. Dalaivala wakhala kumanja, pamwamba, ndipo pansi pa chitseko chakumanzere pali malo amene magalasi ake saonetsa bwino. Thiraki ikamakhota imayamba yatulukira kumanja pang'ono, kampata kaja n'kuoneka ngati kakula, kenaka ngolo yakumbuyo imadula ngodya n'kukatseka. Pamenepa indiketa yofunika ndi ya thirakiyo, ndipo luso lofunika ndi lakuti wapanjinga aiwerenge n'kutsalira kumbuyo. Kanyali kake ka pansi pa chishalo kakuyang'ana kumbuyo, kwa anthu amene sakumuopseza n'komwe.

Tsopano ndinene mbali imene anzanga okonda maindiketa akunena zoona, chifukwa ilipo ndipo si yaing'ono.

Dzukani m'bandakucha mukaime m'mbali mwa Great East Road chakumadzulo kwa Chongwe, kapena pa Mumbwa Road, muone amakala akulowa m'tauni, aja kuno timati a malasha. Matumba atatu, anayi, ena kuposa apo, atasanjikizana pa keliyala mpaka kupitirira mutu, ena atapingasa kutulukira mbali zonse. Munthu ameneyu sangachotse dzanja pachiwongolero. Akangoyerekeza, njinga imamugwetsa. Ndipo ngakhale atalitambasula, wakumbuyo sangalione, chifukwa chimene akuona ndi khoma lakuda la matumba likuyenda mumdima. Ndinafunsapo mmodzi wa iwo, tikukankhira limodzi pachitunda, kuti kodi achimwene, mukafuna kudutsa msewu mumatani? Anati amamvetsera ndi makutu, akamva kuti kwachita zii ndiye amadutsa. Kucheuka kwenikweni sangathe, matumba atchinga.

Kwa munthu wotere ganizo la indiketa ndi loona. Chimodzimodzi mayi wonyamula mwana kumbuyo ndi katundu kutsogolo, kapena aliyense wopalasa m'dzinja pamene madzi abisa maenje ndipo manja onse awiri ayenera kukhala pa mabuleki. Usikunso dzanja la munthu wovala jekete lakuda silioneka. Ngakhale ku Germany, kumene kwa zaka zambiri malamulo sankalola maindiketa pa njinga wamba ya matayala awiri, anasintha mu 2024 n'kuwalola. Sindikutsutsa zimenezi.

Koma taonani kuti kachipangizo kamene kali pamsika sikanapangidwire wamakala uja. Pansi pa chishalo chake pakwiririka ndi matumba. Chimene chingamuthandize ndi nyali ziwiri zotalikirana, imodzi kunsonga iyi ya katundu, ina kunsonga inayo, kuti njinga yake ikhale ndi ngodya ngati galimoto. Ndipo asanafike n'komwe pa nyali zothwanima, zinthu ziwiri zonyezimira zomangidwa m'nsonga zomwezo zingamuchitire zazikulu popanda batire. Ena mwa iwo anazindikira kale, mudzaona atapachika chimbale chakale cha CD kapena chidutswa cha thirayango yagalimoto kumbuyo kwa thumba. Nzeru imeneyi ndi yofunika kuilemekeza ndi kuikuza. Amisiri athu okonza njinga pansi pa mitengo, ndi anyamata ophunzira zamagetsi m'makoleji, akanapanga kandodo kopingasa kokhala ndi nyali kunsonga zonse ziwiri, kolimba, kosaopa mvula, ine ndikanakhala woyamba kukalemba m'ndime ino. Pa za mabuleki, njinga za Buffalo zimene zafala m'dziko muno, zija keliyala yake imanyamula makilogalamu 100, zili ndi buleki yopondera chobwerera m'mbuyo, ndipo zimenezi zimamasula dzanja kuti lilankhule munthu akuchepetsa liwiro. Kapangidwe kotere kamathandiza kukhota kuposa kabatani.

Pangano la mayiko la za pamsewu limene linasainidwa ku Vienna mu 1968 linatchula zimene njinga iyenera kukhala nazo: buleki yogwira, belu, chonyezimira chofiira kumbuyo, nyali yoyera kapena yachikasu kutsogolo ndi yofiira kumbuyo. Indiketa mulibemo. Papita zaka zoposa 50, koma imani madzulo pamsewu uliwonse wolowera ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Matero muwerenge njinga zimene zakwanitsa zimenezi. Mudzaona zambiri zopanda nyali ngakhale imodzi, zina mabuleki ake ndi chidendene cha nsapato pa tayala. Munthu wa ndalama zochepa akandifunsa choyamba kugula, ndimati mabuleki, ndipo akonzedwe mpaka tayala lizigwira ndi zala ziwiri. Kenaka nyali yofiira yakumbuyo, yowala ndithu. Kenaka yoyera yakutsogolo, imene ntchito yake yaikulu m'tauni ndi yakuti wotuluka m'kamsewu kam'mbali akuone. Kenaka chovala chonyezimira chija amavala ogwira ntchito pamsewu, ndipo ngati n'kotheka kansalu konyezimira pamkono ndi pa akakolo. Mkono wonyezimira ukatambasuka patsogolo pa nyali za galimoto umasanduka indiketa yotalika theka la mita, ndipo mapazi onyezimira akamakwera ndi kutsika dalaivala amazindikira patali kuti uyo ndi munthu akupalasa. Kagalasi koonera kumbuyo nako n'kabwino, makamaka kwa wonyamula katundu. Zonsezi zikakwana, ndalama n'kutsalako, gulani indiketa. Ndalama ikayamba yapita ku indiketa mabuleki ali osagwira, chimenecho ndi chikomekome cha mkuyu.

Chinanso chimene chimandivuta pa nkhaniyi n'chakuti imasenzetsa wapanjinga mtolo wonse. Ziwerengero za apolisi m'zaka zaposachedwazi zikuonetsa kuti anthu oposa 2,000 amafa pamisewu ya Zambia chaka ndi chaka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amene amafa pamsewu pachaka, oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi a njinga zamoto. Anthu amenewa sakufa chifukwa chosowa kabatani. Akufa chifukwa thupi la munthu likugawana kamsewu kamodzi ndi chitsulo chothamanga. Lusaka ndi mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, wathyathyathya mbali zambiri, woyenera njinga mwachibadwa. Tinamanga milatho yodutsa pamwamba ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres kuti magalimoto aziyenda mosaima, ndipo akuyendadi. Boma linakhazikitsanso mu 2019 ndondomeko yokhudza oyenda pansi ndi apanjinga. Pepala lilipo. Chimene wapanjinga akudikira ndi kanjira kake kotchingidwa ndi simenti, kamene minibasi singaimemo ndipo wamalonda sangayalemo katundu, ndi mphambano zokhala ndi malo oti aime poyembekezera kudutsa. Pamsewu wotere funso la indiketa limachepa lokha, chifukwa munthu sakudulanso kutsogolo kwa galimoto yothamanga.

N'chifukwa chake ndikupempha a RTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, ndi makhansala athu kuti tsiku lina wina akadzabwera ndi ganizo lakuti njinga iliyonse izikhala ndi indiketa mwalamulo, adzalikane. Lamulo lotere lingagwere wamakala ndi mlonda wobwerera ku ntchito m'mawa, anthu amene anasankha njinga chifukwa ya basi inawakanika, ndipo silingachotse ngozi imene ikuwapha. Ngati pali mphamvu yoti igwiritsidwe ntchito, ipite ku zonyezimira zotsika mtengo, ku liwiro la magalimoto m'makomboni ndi pafupi ndi masukulu, ndi ku sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto, kuti dalaivala aliyense atuluke akudziwa kuti wapanjinga akacheuka kawiri ndiye kuti akupempha njira. Inunso oyendetsa amene mukuwerenga, mukaona mutu ukutembenuka patsogolo panu, chotsani phazi pa mafuta. Simutaya kanthu koposa masekondi asanu.

Mwana wa mlongo wanga sanakachotse kachipangizo kake, ndipo sindinamuuze kuti akachotse. Kali ndi nyali yofiira pakati imene imayaka nthawi zonse, ndipo imeneyo ndi yabwino. Lamlungu lotsatira tinapita kwa wokonza njinga wa pafupi ndi msika, anasintha mabuleki onse awiri amene anali atatha mpaka chitsulo kuonekera, ndipo ine ndinamugulira chovala chonyezimira. Madzulo ake tinapita pabwalo la mpira lopanda anthu. Ndinajambula mzere pansi ndi ndodo, iye n'kumapalasa pamzerewo, ine ndili kumbuyo nditakweza zala, kuti acheuke anene kuti ndi zingati popanda njinga kuchoka pamzere. Maulendo oyamba ankapatukira kumanja nthawi iliyonse akatembenuza mutu, monga amachitira aliyense amene sanazolowere. Tinabwereza mpaka kunada.

Lolemba ndinamutsatira pa njinga yanga mpaka pamphambano pamene amakhotera kumanja popita kuntchito. Anadina kabatani kake, muvi n'kuyaka. Kenaka anacheuka, anatambasula dzanja, anacheukanso. Kumbuyo kwake kunali minibasi imene sinaonetse chizindikiro chilichonse chomupatsa mpata. Anabweza dzanja, anakhalabe m'mphepete, minibasi inadutsa, ndipo wa galimoto yotsatira anamuphethirira nyali. Apo ndiye analowa.